Tsiku Limodzi pa Phiri la Nkhunguni

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono, kumveke mafunde akumenya pamchenga ndi nkhwazi ikulira chapatali.)

WOULUTSA: Lero tisiya mpando, timange nsapato, tikwere phiri. Phiri lake ndi Nkhunguni, lija laima kumbuyo kwa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, boma la Mangochi.

Nditauza mayi akunyumba kuti ndikupita kukakwera phiri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Abambo, mwatayako chiyani kuphiriko?" Musaliseke funsoli, ambirife timaganiza choncho. Kuphiri timapitako kukatola nkhuni, kukazula bowa, kukakumba mankhwala kapena kukachezera usiku wonse pamapemphero. Koma kungokwera, n'kukafika pamwamba, n'kutsikanso chimanjamanja, timati ndi za azungu okhuta. Tsikulo ndinasowa choyankha. Ndinangoti ndikabwerako ndidzafotokoza, ndipo ndikudziwa kuti panopa ali pafupi ndi wailesi, akudikira.

Tiyambe ndi malo ake. Mukachoka ku Mangochi kulowera ku Monkey Bay, musanafike patawunipo pali msewu wokhotera kumanzere, umene umadutsa pakati pa mapiri n'kukathera pamchenga ku Chembe. Mapiri amene mumawadutsawo ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene boma linaikhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'gulu la malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Si yaikulu ngati Kasungu kapena Nyika. Kukula kwake konse ndi masikweya kilomita 94 okha, kuphatikizapo zilumba ndi kachigawo ka madzi kozungulira gombe. Chachilendo chake n'chakuti sanaikhazikitse chifukwa cha njovu kapena mikango. Anaikhazikitsa chifukwa cha nsomba, makamaka tinsomba ta m'miyala tija timatchedwa mbuna. Sungani mawu amenewa, pakuti tikafika pamwamba mudzaona kuti nkhani ya mbuna imayambira m'mitengo ya kuphiri.

Ndinapita kumayambiriro kwa Okutobala, mwera utaleka, dzuwa litayamba ukali. Kunena zoona sindinasankhe bwino. Miyezi yabwino kukwera phiri la kunyanja ndi Juni, Julaye ndi Ogasiti, pamene kukuzizirirako. Mu Okutobala dzuwa la ku Mangochi silinyengerera munthu. Mnyamata amene anandiperekeza, mbadwa ya pomwepo, anandiuza usiku wake kuti, "Madala, ngati mukufuna kubwerako ndi miyendo yanu, tinyamuke 5 koloko. Ikakwana 9 tikhale tili pamwamba." Ndinamufunsa zoti ndinyamule. Anati madzi, madzi, ndiponso madzi. Ine ndinamva mawu oyamba okhawo, ndinagula botolo limodzi la malita 1.5, nthochi zinayi ndi mtedza wokazinga. Za botolo limeneli mumva kutsogoloku.

Musamakwere phiri lachilendo muli nokha. Safunsa anadya phula. Pachipata cha nkhalango pali ogwira ntchito a dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Mumalipira kangachepe, ndipo mtengo wa Mmalawi ndi wotsika kuyerekeza ndi wa mlendo wochokera kunja. Auzeni kumene mukulowera ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerako. Mukachedwa, pakhale munthu wodziwa mbali yokakufunani.

(Nyimbo yaifupi. Kenaka kumveke mapazi akuponda masamba ouma.)

WOULUTSA: Njira yathu inayambira pamanda. Inde, pamanda. Kumapeto kwa mudzi, m'tsinde mwa phiri, muli manda a amishoni oyamba a Livingstonia. Ambiri tikamva dzina la Livingstonia timaganiza za ku Khondowe, m'boma la Rumphi, koma mbewu yake inagwera pano. Mu Okutobala 1875 kagulu ka anthu ochokera ku Scotland, motsogozedwa ndi Edward Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws, kanafika pagombe lino pa sitima yotchedwa Ilala, sitima yoyamba ya injini kuyenda pa nyanja yathu. Sitimayo inabwera kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi a Shire inaphwasulidwa zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Ndikamaganiza za amtengatenga amenewo, amene mayina awo sanalembedwe pamwala uliwonse, kukwera kwanga ndi nthochi zinayi kumandichititsa manyazi.

Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoniwo anakopeka ndi doko labwino lotchingidwa ndi zilumba, koma malungo anawalandira moipa. Mmodzi mwa ogona pamandapo ndi Dokotala William Black, amene anamwalira mu 1877. Nthawi imeneyo sankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Zimenezo zinadzatsimikizika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Iwo ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Pofika 1881 anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kenaka mu 1894 anakwera ku Khondowe. Onani njira yawo: kuchoka pagombe, kukathera paphiri. Nafenso m'mawa umenewo tinafulatira nyanja n'kuyamba chitunda.

Chigawo choyamba chimanamiza. Mumayenda pansi pa milambe, mitengo ija yaima ngati nkhokwe zopanda denga, mphepo ya m'mawa ikukusisitani, n'kumati kodi phiri lake ndi limeneli? Musanathe kudzitama, dothi limatha, miyala imayamba. Si timiyala ta mumsewu ayi, ndi matanthwe aakulu ngati nyumba, ena atasanjikizana ngati wina anachita kuwaunjika. Njira imalowa pakati pawo, pena kukwawa, pena kugwira muzu n'kudzikoka. Mnyamata uja ankangodumpha ngati mbira, atavala masilipasi. Ine, ndi nsapato zanga zogula dala pakaunjika, ndinali wefuwefu, thukuta kamukamu.

Matanthwewa ali ndi nkhani yawo. Nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika, mbali ina n'kutitimira, ina n'kutsala pamwamba. Mng'alu umenewu ndi womwe uja umadutsa ku Tanzania, Kenya mpaka Ethiopia. Mapiri a m'mbali mwa nyanja ndiwo milomo ya mng'aluwo, n'chifukwa chake amatsetsereka molunjika kumadzi. Tsono mwala ukakhala padzuwa zaka zosawerengeka, masana kutentha, usiku kuzizira, mvula kulowa m'ming'alu, umayamba kusendeka ngati anyezi, ngodya zake n'kumatha, mpaka kukhala wobulungira. Mukadzapita, mukaimenso pa Mwala wa Mphini, pafupi ndi msewu wolowera ku Chembe. Mizere yake imaoneka ngati mphini zotemedwa ndi lumo pankhope ya agogo athu, koma mmisiri wake ndi madzi, dzuwa ndi nthawi.

Tikukwerabe, mitengo inasintha. Milambe inatsala m'munsi. M'miyala munali migoza ndi misetanyani, ija ya makungwa osalala otuwa, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe ngati yauma. Siinaume; imayoyola masamba dala m'chilimwe kuti isataye madzi. Munalinso mikuyu ya m'miyala, mizu yake yoyera itakumbatira thanthwe, ikutsata mng'alu kufunafuna chinyontho pansi. Chakumtunda tinalowa m'miombo. Apa ndiye ndinaima kaye, osati chifukwa cha kutopa kokha. Mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe, udzu wonse uli gwa, koma miombo inali itaphuka masamba atsopano, ena ofiira psuu, ena ngati uchi, ena atayamba kale kubiriwira. Mtengo umenewu sudikira mvula. Umatunga madzi ndi chakudya chimene unasunga m'mizu yake yozama, n'kuphukiratu, kuti mvula ikamadzagwa upezeke uli ndi masamba kale. Ndi mlimi wososa pa nthawi yake. Kufiira kuja kumatchinjiriza tsamba lanthete ku dzuwa mpaka litakhwima.

Ndinathyola katsamba kamodzi, kofewa ngati khutu la mwana, n'kukayang'ana kudzuwa. Timitsempha take tonse tinkaoneka. Mnyamata uja anaseka, nati, "Madala, mukayamba kuwerenga masamba tigona konkuno."

(Kumveke nyenje zikulira, kenaka nyani akhosomole chapatali.)

WOULUTSA: Nyama zilipo, koma zambiri zimakuonani inu musanazione. Mbira tinaziona zikuwotha dzuwa pathanthwe. Zitatimva zinalowa m'phanga ngati madzi. Nayi nkhani yoti mukadabwitse nayo ana madzulo ano: akatswiri a zanyama amati kanyama kameneka, kooneka ngati mbewa yaikulu, kali paubale wapafupi ndi njovu kusiyana ndi mbewa. Chinkhoma sitinachione, tinangopeza ndowe zake pamwala. M'nkhalangoyi mulinso mbawala ndi nguluwe. Koma eni njira ndi anyani. Tinakumana ndi gulu lawo pamalo opapatiza, mkulu wawo atakhala pamwala ngati nyakwawa pabwalo la milandu. Mnyamata uja anandigwira mkono. "Nthochizo zibiseni m'chikwama. Musamuyang'anitsitse m'maso, ndipo musamusekerere." Kwa nyani, kuonetsa mano si moni, ndi ndewu. Tinaima phee, iwo n'kudutsa mosafulumira, ana atakangamira kumimba kwa amayi awo.

Pano ndidandauleko. Alendo ena amaponyera anyani chakudya kuti awajambule bwino. Nyani akazolowera kulandira, mawa amalanda, ndipo wovutika si mlendo amene wakwera galimoto n'kupita, koma mayi wa m'mudzi amene wayanika ufa pamphasa. Musadyetse nyama zakutchire, ngakhale zitakupatsani nkhope yachisoni yotani.

Titapitirira pang'ono tinamva mawu a anthu akutsika. Anali amayi atatu, aliyense ndi mtolo wa nkhuni pankhata, wautali kuposa msinkhu wake. Nthawi inali isanakwane 8 koloko, kutanthauza kuti iwo anakwera kukadali mdima. Tinapatuka kuwasiyira njira, pakuti wosenza ndiye mwini njira.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

"Tadzuka, kaya abambo? Mukupita kuti ndi dzuwa limeneli?"

"Pamwambapo, kukangoona."

Wamkulu pa atatuwo anaima, mtolo uli chikhalire pamutu, nandiyang'ana chammbali. "Kukangoona? Pitani bwino. Koma potsika musadzere kukhwawako, kuli chitedze."

Ndinawayang'ana akutsika pamwala umene ine ndinali nditangoukwera chokwawa. Mapazi awo ankagwira thanthwe ngati ali ndi ulimbo, khosi lili njo, chiuno chokha chikugwira ntchito. Pamenepo ndinazindikira kuti njira imene ine ndikuitcha ulendo wokasangalala, kwa ena ndi kuntchito. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inalipo nkhalangoyi isanatetezedwe, ndipo inatsala mkati mwake ngati zilumba zapamtunda. Anthu ake amaloledwa kutola nkhuni zouma akatenga chilolezo, koma kudula mtengo wauwisi ndi mlandu. Pakamwa lamuloli ndi lophweka. Paphiri ndi lovuta, chifukwa midzi yakula, nkhuni zikufunika pophika ndi powamba nsomba, ndipo zouma zapafupi zinatha kalekale. N'chifukwa chake amayi aja amakwera mpaka kumene ife timafika ndi kamera. Amene amafulumira kuwanena kuti akuwononga chilengedwe ayambe wasenza mtolo umodzi kutsika nawo pamenepo. Komanso sindingabise kuti m'njira ndinaona zitsa zatsopano, utomoni ukadali kudontha, ndi mitengo ina yosendedwa khungwa mozungulira kuti iume msanga, mawa idzatoledwe ngati youma yokha.

(Nyimbo ya pakati. Ikatha kumveke mphepo.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili pa phiri la Nkhunguni ku Cape Maclear, ndipo tangofika pampata wa m'munsi mwa nsonga yake.

Munthu umatulukira pamalopo mwadzidzidzi. Mitengo imangopatuka, nyanja iyo, balamanthu! Kumunsi kuli Chembe, nyumba zili ngati mabokosi a machesi, mathandala oyanikapo usipa akunyezimira m'mbali mwa mchenga, mabwato ali ngati njere za mpunga. Patsogolo pali chilumba cha Thumbi, kudzanja lamanja chilumba chachitali cha Domwe, chimene chinalekana ndi mtunda pa kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap, ndipo chapatali Mumbo akuoneka mwa chizimezime. Tsidya linalo silinkaoneka, chifukwa mu Okutobala mlengalenga mumadzaza utsi wa moto wa tchire. Nyanja ndi thambo zinangolumikizana popanda msoko. Nkhwazi, imene tinazolowera kuiyang'ana chogadama, inali kuuluka m'munsi mwathu, msana wake ukuoneka.

Nyanja imeneyi kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo kumpoto, kumene ndi yozama koposa, imafika mamita pafupifupi 700, moti pansi pake m'potsika kuposa pamwamba pa nyanja yamchere ya Indian. Koma musaganize kuti madzi onsewo ndi nyumba ya nsomba. Mukatsika kupitirira mamita 250 mulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Moyo wonse uli chapamwamba ndi m'mbali, ndipo chuma chenicheni chili m'kalamba kopyapyala kamene tinkakaona kuchokera pamwambapo, pamene madzi amaoneka obiriwira asanade bii, pamene miyala ya phiri imapitirira kulowa m'nyanja.

M'menemo ndi kwawo kwa mbuna. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mbuna zambiri zimadya ndere zomera pamiyala, zikumapala ndi timano tawo monga mbuzi imadyera msipu. Yaikazi imafungatira mazira m'kamwa mpaka ataswa, masabata angapo osadya bwino. Ndipo mbuna siikonda kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya. Imafera pamiyala pamene inabadwira. Choncho za pachilumba china zinakhala zokhazokha kwa mibadwomibadwo mpaka kusiyana mtundu ndi za pachilumba chinzake, ngakhale zilumbazo zikuonana. Ichi ndicho chimakoka akatswiri ochokera kumaiko akutali, ndipo n'chifukwa chake m'nkhalangoyi n'koletsedwa kuponya ukonde m'kati mwa mamita 100 kuchokera pagombe.

Tsono tamverani apa, poti ndi pamene ndinapeza yankho la funso la mayi akunyumba. Ndere zimafuna kuwala kwa dzuwa ndi mwala woyera. Mvula ya Januwale ikagwa paphiri lokhala ndi mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu, zinyalala zapansi zimaimwa, mizu imagwira dothi, madzi n'kutsika pang'onopang'ono ali oyera. Ikagwa paphiri lometedwa ndi nkhwangwa ndi moto, imakokolola dothi lonse. Madzi saiwala khwawa, ndipo makwawa onse a phiri limeneli amathera m'nyanja. Matope aja akakuta miyala, ndere zimafa, madzi amada, ndipo nsomba zimene zimazindikirana ndi maonekedwe a khungu posankhana zimasokonezeka. Uli pagombe sungazione zimenezi. Umangoona madzi ndi mchenga, phiri lili kumsana kwako. Uli pamwamba umaona khwawa lililonse ndi pamene lakathira. Mnyamata uja analoza kumunsi ndi ndodo, nati, "Mukadzabwera nthawi ya dzinja, pamene paja pamafiira ngati thobwa." Ndinamvetsa chifukwa chake oteteza nsomba anayamba ndi kuteteza mapiri.

Tinadya nthochi ndi mtedza. Makoko tinaika m'chikwama, osataya pamenepo. Ndinapendeketsa botolo langa, ndipo m'menemo munatsala madzi osakwana kapu imodzi.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Anthu amaopa chitunda, koma ngozi zambiri zimachitika potsika. Miyendo yatopa, maondo akunjenjemera, mtima uli kale kunyumba. Pamwala pakakhala timchenga kapena masamba ouma a miombo, pamaterera ngati pa sopo. Tsikani chammbali, mapazi afupiafupi, maondo opindika pang'ono, ndodo patsogolo. Pamalo otsetsereka kwambiri musachite manyazi kukhala pansi n'kutsika ndi matako. Thalauza limasokedwa, fupa la m'chiuno limatenga miyezi. Ndipo musanagwire mwala kapena kulowetsa dzanja m'mphako, yang'anani kaye. Njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu wa mapazi, koma mphiri siithawa, imangogona m'masamba itafanana nawo. Wina akalumidwa, musamuteme mphini, musayamwe bala, musamange chingwe mothinitsa. Muvuleni mphete kapena chibangili chiwalocho chisanatupe, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule kupita naye kuchipatala msanga. Kuthamangitsa njoka kuti muiphe n'kutaya nthawi, mwinanso kuwonjezera odwala.

Ife njoka sitinakumane nayo. Mdani wanga anali ludzu. Itangodutsa 10 koloko matanthwe anayamba kutentha ngati chiwaya, nyenje zikulira mpaka m'mutu kuwawa. Madzi anga anatha. Malovu anauma, lilime linalemera, mutu unayamba kugunda, ndipo ndinaona kuti ndayamba kupunthwa pamalo opanda chopunthwitsa. Chozunza kwambiri n'chakuti nyanja yonse ija inali pamaso panga, madzi osatha kuwayeza, koma kutali ngati mwezi. Pa phiri limeneli m'chilimwe musayembekeze kasupe. Makwawa amakhala ouma gwa. Munthu woyenda padzuwa lotero amatha kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Nyamulani malita osachepera 3 munthu mmodzi, muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanafike, ndipo muponyemo m'chikwama kapaketi ka Thanzi, poti thukuta limatuluka ndi mchere. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera, kudzandira kapena kukomoka, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi m'thupi, mumukupize, ndipo muitane thandizo. Kumeneko si kutopa wamba, kumapha.

Ludzu limalanda nzeru. Nditaona khwawa lokhala ndi mthunzi likutsika molunjika kumudzi, ndinati tidulire pamenepa. Mnyamata uja anati, "Madala, paja amayi aja anati chiyani?" Ndinamuyankha kuti ndaona zambiri pa moyo wanga, ndipo ndinatsogola. Sindinayende mapazi makumi awiri. Dzanja langa linakhudza chingwe cha mtengo woyanga, timakoko tofiirira taubweya n'kugwedezeka pamwamba panga, kafumbi n'kundiwaza m'khosi ndi m'mikono. Amene chinakugwiranipo chitedze mukudziwa. Amene simunachione, ganizani nyerere chikwi zonyamula moto zitalowa m'malaya. Ndinavina gule wopanda ng'oma pamaso pa mwana woti ndi msinkhu wa mwana wanga.

Ubweya wa chitedze ndi timinga tosaoneka bwino tokhala ndi mankhwala oyabwitsa. Ukakanda umangotilowetsa m'kati ndi kutifalitsa. Mnyamata uja, uku akulimbana ndi phwete, anandivula malaya n'kuwakung'untha kutali, kumbali kumene mphepo imapita, nandiletsa kugwira m'maso. Kenaka anatulutsa m'chikwama chake botolo lachiwiri limene anabisa osandiuza, nanditsira pang'ono m'khosi, otsalawo n'kundipatsa kuti ndimwe. "Ndimadziwa," anatero. "Akutawuni nonse mumabwera ndi botolo limodzi." Tinabwerera kunjira yeniyeni, ine ndili pambuyo, phee ngati mkamwini watsopano.

(Kumveke mafunde ndi ana akusewera pagombe.)

WOULUTSA: Tinafika m'munsi dzuwa lili paliwombo. Thupi lonse linkafuna chinthu chimodzi, kudziponya m'madzi. Apanso pali chenjezo. Gombe la Chembe limadziwika ndi likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono zazing'ono za m'madzi osaya, n'kutuluka kukalowa pakhungu la munthu wosamba kapena wochapa. Wodwala akakodza m'madzi, mazira amabwerera kwa nkhono, unyolo n'kupitirira. Ofufuza amene anagwira ntchito pagombe limeneli anaona kuti likodzo linachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka okokera m'mbali. Ngati mwasamba m'madzi a kumeneko, musadikire kuona magazi mumkodzo. Pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse, mankhwala ake otchedwa praziquantel alipo. Ndipo madzi a pagombe, ngakhale aoneke oyera mbee, musamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala.

Mnyamata uja anapita nane cha ku Otter Point, malo a miyala amene anatchedwa choncho chifukwa cha akatumbu, kutali ndi pochapira. Ndinakhala pathanthwe, mapazi otupa ali m'madzi. Pasanathe mphindi, mbuna zinafika, zabuluu za mizere yakuda, zachikasu, zina zamawangamawanga, zikujompha mwala pafupi ndi chala changa, kamchira m'mwamba, mutu pansi. Ndinacheuka kuyang'ana phiri. Mpata uja tinakhalapo unkaoneka kakang'ono, ndipo m'munsi mwake ndinatha kuloza khwawa langa la chitedze, likutsika mpaka kudzathera m'nyanja.

Kunyumba ndinafika mawa lake, ndikutsimphina, khosi lili zidzolozidzolo. Mayi akunyumba anandilandira chikwama, nasuzumiramo, napeza makoko a nthochi, botolo lopanda kanthu ndi kajumbo ka usipa wouma kamene ndinagula pathandala. Anatulutsa usipawo, naununkhiza, nati, "Bola simunabwere chimanjamanja. Nanga m'khosimo mwatani?"

Amayi, nkhani yake ndi imene mwamvayi.

(Nyimbo yotsekera.)